Kumeretsa Zomera Zamoyo Pansapato: Kakonzedwe, Kafesedwe ndi Zimene Zimalakwika

Mu Juni 2022, pachionetsero cha zovala zachibambo ku Paris, kampani ya zovala ya Loewe inatulutsa anyamata atavala nsapato zomera timasamba tobiriwira, tamoyo ndithu, osati tapulasitiki. Ntchitoyo anaigwira Jonathan Anderson, amene ankatsogolera okonza zovala pakampaniyo, pamodzi ndi Paula Ulargui Escalona wa ku Spain, katswiri womeretsa mbewu pansalu. Anafesa chia (mbewu ya tinjere ting'onoting'ono) ndi mbewu zina pansapato, pamajekete ndi pamathalauza, n'kuzilera masiku 20 m'nyumba yapulasitiki kunja kwa mzindawo, atawerengeratu kuti zidzakhale zitakula bwino patsiku la chionetserolo.

Aliyense wofuna kuyesa zimenezi, kaya n'zachionetsero cha mafashoni, zojambulitsa kapena zasewero, alimbana ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi masiku, chifukwa mbewu yomera pansalu imakongola kanthawi kochepa. Chachiwiri ndi madzi: muzu umafuna chinyontho usana ndi usiku, phazi limafuna pouma, ndipo pakati pa ziwirizi pali kansalu kopyapyala basi. N'chifukwa chake njira yodalirika si kufesa pansapato penipeni. Mbewu zimafesedwa pakamphasa kosokedwa padera, kotheka kumata ndi kumatula.

Nsapato yake

Sankhani nsapato yakanvasi kapena yalabala yokhala ndi malo otakata pamwamba pa zala. Ya pakaunjika ndi yokwanira. Yachikopa isiyeni, chifukwa chikopa chikanyowa sabata yathunthu chimachita nkhungu, ndipo chikauma chimalimba n'kusweka.

Musanadule kanthu, valani nsapatoyo, muime ndi zala chidendene chili m'mwamba, wina alembe ndi choko pamene yapindika. Pamzere umenewo sipamera kanthu. Munthu akamayenda, pamenepo pamapinda ndi kuwongoka sitepe iliyonse, ndipo mizu yodutsapo imaduka asanafike ngakhale pageti. Siyani mpata wa masentimita 2 wopanda mbewu motsatira mzerewo, kapena konzani timphasa tiwiri, kena kakutsogolo kwa mzere, kena kakumbuyo cha kuzingwe. M'mbali mwa mkati, mmene mapazi amakhulana poyenda, musabzalemonso. Ndipo kamphasa kathere masentimita 2 pamwamba pa soli, kuti kasamatole dothi.

Kusoka kamphasa

Yalani pepala pansapato, mujambule malo obzalawo, mudule. Limenelo ndilo patani yanu. Pansapato ya munthu wamkulu malowo amakhala ngati masentimita 10 m'lifupi ndi 12 m'litali. Kamphasa kamakhala ndi zigawo zitatu.

Pansi penipeni pakhale chotchinga madzi: pulasitiki yokhuthala, kapena chubu chakale cha njinga chong'ambidwa n'kutsukidwa ndi sopo. Jumbo yopyapyala siithandiza, imabooka ndi singano yoyamba. Dulani chotchingachi chopitirira patani ndi sentimita imodzi mbali zonse, kuti mudzachipindire m'mwamba ngati mkombero wa lichero.

Pakati pakhale chosunga madzi: chidutswa chimodzi cha thaulo lakale lathonje. Chimodzi chokha. Mukasanjikiza ziwiri, madzi amakhalitsa, mpweya sulowa, ndipo pofika tsiku lachinayi fungo likuuzani lokha.

Pamwamba pakhale pogwira mizu. Apa chiguduli chopinda kawiri chimagwira ntchito bwino, chifukwa maso ake ndi otakata ndipo muzu umalowa n'kukola. Koma chiguduli chatsopano nthawi zambiri chimakhala ndi mafuta amene amathira ku fakitale pofewetsa ulusi wake, ndiye chimanunkha ngati palafini ndipo chimakana madzi. Chichapeni, muchiwiritse mphindi 10, muchitsukuluze kawiri. Chimene munali fodya, feteleza kapena mankhwala a mbewu musachigwiritse ntchito n'komwe. Chinkhupule nachonso ndi chabwino kwambiri, mwinanso kuposa chiguduli pa mbewu zaudzu: ching'ambeni m'litali, muchotse mtima wake wolimba, muchiwiritse, muchipsinje ndi chinthu cholemera mpaka chiphwatalale n'kutsala mamilimita 5 mpaka 8. N'chopepuka, mpweya umadutsa, ndipo mizu ikalowamo simungaizule.

Sokani zigawo zitatuzi ndi ulusi wa nayiloni, wa osoka nsapato uja. Ulusi wathonje umafumbwa ukanyowa masiku ambiri. Sokani m'mphepete mokha, pamkombero wopindidwawo, osabaya pakati pa pulasitiki, popeza bowo lililonse ndi njira ya madzi kupita kusokosi. Kumunsi kwenikweni, mbali yakunja kwa phazi, siyani kampata ka sentimita imodzi kosapinda, kuti madzi otsala azitulukira kumeneko n'kudonthera pansi.

Pomata pansapato, gwiritsani ntchito Velcro (timalamba tomamatirana tija ta pazikwama ndi pansapato za ana) kapena mabatani odina. Ngati mwamata Velcro ndi guluu wa nsapato, dikirani masiku 2 fungo lake lithe musanafese, chifukwa mpweya wa guluuyo umapha mbewu ikangotumphuka. Kamphasa kakumbuyo kangathe kungomangidwa ndi zingwe za nsapatoyo kudzera m'mabowo ake.

Mbewu

Chia, amene kwawo ndi ku Mexico ndi Guatemala, amakondedwa pantchitoyi pachifukwa chimodzi: akanyowa amatulutsa tonanda ngati therere, ndipo njere zimadzimata zokha ngakhale pamalo otsetsereka. Amapezeka m'masitolo akuluakulu a zakudya. Yesani kaye njere 20 pakansalu konyowa. Zikamera zosakwana 15 pofika tsiku lachinayi, paketiyo yagonera, pezani ina. Vuto la chia ndi tsinde lake lofewa. Likathyoka lathyoka, silidzukanso.

Mawere ndi tirigu ndi zamtundu wa udzu, ndipo udzu umakula kuchokera kutsinde, osati kunsonga. Mutha kuumeta ndi sizasi, umaphukanso. Ukagundidwa umagona n'kudzuka. Choncho pansapato yoti munthu ayende nayo kwenikweni, osati kungoima pachithunzi, mawere amaposa chia kutalitali. Njere zake n'zazing'ono, udzu wake ndi wosalala ngati ubweya, ndipo aliyense wodziwa kufufutsa chimera cha thobwa akudziwa kale kameredwe kake. Tirigu amatalika msanga, masentimita 10 mpaka 15 pa masiku 7 mpaka 10, koma njere zake n'zazikulu ndipo zimagwa ngati sizinaphimbidwe.

Mpiru umamera pa masiku 2 kapena 3 ndipo timasamba take n'tokongola, koma ukaphwanyika umanunkha. Mapira apeweni: akangomera kumene amakhala ndi poizoni wotha kupweteka mbuzi kapena mwana amene angabudule n'kudya. Chofunika kuposa zonse, musagwiritse ntchito mbewu za m'mapaketi a ulimi zopakidwa utoto wofiira, wapinki kapena wobiriwira. Utoto umenewo ndi chizindikiro cha mankhwala, ndipo madzi odontha pansapato adzawafikitsa pakhungu.

Kufesa

Viikani kamphasa m'madzi mphindi 30, mukatulutse, mukapendeketse mpaka kaleke kudontha. Kenako kaikeni pansapato pomwepo, mutaikulunga nsapatoyo ndi jumbo ndiponso mutaipakira mapepala mkati kuti itukuke ngati muli phazi. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amameretsa kamphasa patebulo chophwatalala, n'kudzakapinda pansapato tsiku lomaliza. Zikatero udzu umayasama pakati, chiguduli n'kuonekera, ndipo wa m'mbali umaloza kumbali ngati ndevu za mphaka. Mbewu imalunjika kumwamba malingana ndi mmene yakhalira pomera, ndiye imerere pamalo okhota omwewo. Ngati simukufuna kuti nsapato ikhale pachinyontho masiku onsewo, dulani botolo lapulasitiki la malita 2 pakati m'litali, muyale kamphasa pamsana pake.

Pa chia, supuni yaing'ono imodzi yosasefukira ikwanira nsapato zonse ziwiri. Sakanizani ndi supuni zazing'ono 6 za madzi, mutakase, mudikire mphindi 20 mpaka 30. Zikalimba ngati phala lamwana, pakani ndi kumbuyo kwa supuni, njere iliyonse ikhale payokha, osasanjikizana. Zikamatsetsereka ndiye kuti madzi achuluka. Dikiraninso mphindi 10. Mukamaliza, zisiyeni osapopera kwa maola angapo kuti tonandato tigwire chiguduli.

Pa mawere, supuni yaing'ono imodzi pansapato iliyonse. Pa tirigu, supuni yaikulu imodzi ndi theka. Zonse ziwirizi ziviikeni maola 8 mpaka 12, muchotse zoyandama, mutsukuluze katatu. Mukapitirira maola amenewo njere zimayamba kusasa. Zimwazeni mofanana, muzikanikize ndi chala kuti zilowe m'maso a chiguduli kapena chinkhupule, kenako muyale pamwamba bandeji wathonje wa maso otakata, wosapinda, n'kumusoka motalikitsa m'mphepete ndi mizere iwiri pakati, osabaya pulasitiki ya pansi. Udzu umaboola bandejiyo mosavuta ndipo pakapita sabata saonekanso. Chidutswa cha neti ya udzudzu musaikepo, popeza maneti ambiri ndi onyikidwa m'mankhwala.

Ena amaganiza zomata njere ndi phala la ufa kapena la chinangwa. Zimamatadi, koma phalalo ndi chakudya cha nkhungu, ndipo nkhunguyo imayamba kudya mbewu isanatulutse ngakhale muzu.

Kuthirira ndi kuwala

Masiku 3 oyamba vundikirani ndi beseni kapena jumbo yoonekera mkati, yoboola mabowo 8 kapena 10, yosakhudza njere. Tsegulani katatu kapena kanayi patsiku, mupopere madzi ndi botolo lopopera lotulutsa ngati nkhungu ya m'mawa, muli patali masentimita 30. Mukayandikira, mphamvu ya madzi imakokolola njere n'kuziunjika kumunsi. Nthawi imeneyi njere ikauma kamodzi kokha itatulutsa kale muzu, yafa basi.

Madzi amvula ndiwo abwino. A pampopi agone m'ndowa yosavundikira usiku umodzi. A pamjigo ena ndi amchere, ndipo pakamphasa kopanda dothi mcherewo umaunjikana madzi akamauma: muona choyera ngati phulusa m'mphepete mwa chiguduli, nsonga za masamba n'kuyamba kupsa.

Tsiku lachinayi, mizu itagwira, chotsani chovundikira. Kuyambira apa lekani kupopera masamba, muzithirira kumizu. Tengani sirinji yopanda singano, muthire mamililita 10 mpaka 15 kumtunda kwa kamphasa m'mawa ndi madzulo, madziwo atsike okha. Poyesa, dinani thaulo la mkati ndi chala: chala chinyowe, koma madzi asatumphuke. Mu Okutobala mungafunike kuthirira katatu kapena kanayi. Mu Juni ndi Julayi kamodzi kapena kawiri, ndipo kuzizira kumachedwetsa zonse ndi masiku 2 kapena 3. Mbewu zimenezi zimakondwa kutentha kukakhala pakati pa madigiri 20 ndi 25.

Ziikeni pakhonde powala bwino, pofika dzuwa la m'mawa lokha. Dzuwa la masana limaumitsa kamphasa kopyapyala chotere pa ola limodzi kapena awiri. Tsiku lililonse tembenuzani nsapato, kumene kunaloza kunja kuloze kukhoma, apo ayi zomera zonse ziweramira mbali imodzi. Usiku zikwezeni pamwamba kapena muzivundikire ndi sefa: makoswe ndi mphemvu zimakonda njere zomera, ndipo masana nkhuku imodzi imamaliza ntchito ya sabata yonse mukadali kukhitchini.

Zizindikiro za mavuto

Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu mudzaona toyera ngati thonje kuzungulira timizu. Musafulumire kutaya. Nthawi zambiri timeneto ndi tiubweya ta muzu tomwera madzi. Poperani pang'ono: tikagona n'kuzimirira, ndi tamuzu. Nkhungu yeniyeni imakhala ngati ukonde wa kangaude, imalumikiza njere zingapo pamodzi, imakwera patsinde, ndipo imanunkha ngati nsanza yonyowa. Ikangoyamba, chotsani njere za pamalopo ndi zozungulira, mupopere hydrogen peroxide wa 3 peresenti wa kufamase, supuni imodzi m'masupuni 10 a madzi, kenako muike kamphasa popita mphepo. Nyengo yadzinja, Januwale ndi Febuluwale, vutoli ndi lalikulu, choncho chepetsani njere ndipo muchotse chovundikira tsiku limodzi msanga.

Zomera zikamagwa m'magulumagulu, tsinde litaonda ndi kuda pamene lakhudza chiguduli, ndi matenda a kuola kwa mbande, omwe aja a kunazale ya tomato. Amabwera ndi madzi ochuluka, njere zothithikana ndi mpweya wosayenda. Palibe kuchiza, yambaninso ndi kamphasa kena kowiritsa.

Zikatalika mopyapyala, zotuwa, n'kumagwa zokha, kuwala kwachepa. Zikauma m'mphepete pakati pali pabwino, ndiye kuti m'mphepetemo madzi akutha msanga. Muzidontheza madzi pamkombero padera. Kamphasa kakamera bwino kumunsi koma kumtunda kuli dazi, madzi akutsikira pansi onse, ndiye muzigoneka nsapato chopendekera kwa mphindi 15 mukathirira.

Chikasu chimene chimabwera pakati pa tsiku la 10 ndi la 14 si matenda, ndi njala. Mpaka pamenepo mbewu imadya chakudya cha m'njere mwake, ndipo chiguduli chilibe choipatsa. Ngati mukufuna kufika masabata atatu, yambani tsiku la 7 kuthira feteleza wosungunuka m'madzi, gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo wolembedwa papaketi, kamodzi pa masiku 3. Mukapyola muyezo mizu imapsa, chifukwa palibe dothi lochepetsa ukali wake. Manyowa a ziweto kapena madzi ake musayerekeze, chinthuchi chikukhala paphazi la munthu.

Kuwerengera masiku ndi tsiku lovala

Yambirani pa tsiku lovala, muwerengere chobwerera m'mbuyo. Chia ndi mpiru zimaoneka bwino pakati pa tsiku la 8 ndi la 12. Tirigu, la 7 mpaka la 9. Mawere apatseni masiku 10 mpaka 12. Popeza nyengo imasintha zinthu, fesani magulu atatu otalikirana masiku 2, mudzasankhe limene lakhala bwino. Apa ndi pamene timphasa tomatula timasonyeza phindu lake: nsapato ndi ziwiri zokha, koma timphasa tingakhale 6.

Kutatsala tsiku limodzi, metani mawere kapena tirigu atsale masentimita 4 mpaka 5, ndi sizasi wakuthwa. Wamtali kuposa apo amagona munthu akangoyamba kuyenda. Chia ndi mpiru musamete, mukadula timasamba tiwiri tapamwambato mbewu yatha.

Thirirani kutatsala maola 2, mupendeketse mphindi 30 madzi atsike, mupukute pansi pa pulasitiki. Nyamulani m'katoni yotsegula pamwamba, ndipo musazisiye m'galimoto yotseka padzuwa ngakhale kwa mphindi zochepa. Wovalayo ayambe wavala nsapato n'kumanga zingwe, timphasa timatidwe pomaliza. Thalauza kapena chitenje chithere pamwamba pa kakolo, chifukwa mpendero wokhula udzu sitepe iliyonse umausesa wonse. Pamthunzi kapena m'holo zimapirira maola 3 kapena 4, mukamadontheza madzi pang'ono ola lililonse. Mukavula, matulani, muthirire, muike pamthunzi; udzu umadzuka pofika m'mawa ndipo ungavalidwenso kawiri kapena katatu. Nsapatoyo iumitseni padera.

Za udzu woponda ndi zomera zokhalitsa

Mu 2008 kampani yogulitsa madonasi ya Krispy Kreme ku Britain inatulutsa patapata zomera udzu wamoyo pamalo opondapo phazi, pofuna kuti anthu a mumzinda azimva ngati akuyenda pakapinga. Maganizowo ndi okoma, koma ndi ovuta kuposa kubzala pamwamba. Thupi lonse limatsikira pachidendene ndi pansi pa zala, ndipo mbande zanthete zimasanduka matope obiriwira oterera. Wofunitsitsa agwiritse ntchito kapinga wokhwima: senga chigamba chake ndi mpeni, dothi litsale sentimita imodzi ndi theka, dula motsatira patapata, soka pachiguduli chopinda kawiri, lera pamthunzi masabata 2 kapena 3 mizu ilukane, kenako mangirira pasoli yoboola mabowo otulukira madzi. Zoterezi n'zovala mphindi zowerengeka, ndipo mapazi asambidwe ndi kupukutidwa bwino pakati pa zala. Munthu wa matenda a shuga kapena wachilonda kuphazi asavale.

Ofuna chokhala miyezi, osati sabata, asiye njere atenge ndere za pamiyala ndi pamitengo ya m'malo achinyontho. Zilibe mizu yeniyeni, n'zopepuka, zikauma zimangofota n'kudzatsitsimuka zikalandira madzi. Zisokereni pachiguduli ndi ulusi wopyapyala wa mbedza, mizere yotalikirana sentimita imodzi, muzisunga pamthunzi ndi kupopera madzi amvula. Pamwamba pake mungatsekeremo tinthambi ta zomera za masamba onenepa zija zosunga madzi, mutatisiya masiku 3 kuti podulapo paume, apo ayi timaola. Nsapato zambiri za Christophe Guinet wa ku France, wodziwika kuti Monsieur Plant, amene amakuta nsapato zamasewero ndi ndere, makungwa ndi maluwa, n'zoika poonetsa, si zoyendera, ndipo zanu zamtundu umenewu zikhalitsanso mukamazivala mwa apo ndi apo.

Kamphasa ka mawere kapena tirigu kakafika potopa, sombolani ulusi wa nayiloni, muchotse pulasitiki ndi Velcro kuti mudzagwiritsenso ntchito. Chiguduli, chinkhupule ndi thaulo lathonje zimaola, ndiye chotsalacho chiyaleni pabedi lonyowa m'dimba, mukwirire m'mphepete ndi dothi la sentimita imodzi, muzithirira tsiku ndi tsiku kwa sabata. Ngati mukufuna kuti mawerewo abereke, patulirani kuti mapando atalikirane masentimita 10.